Waya Wachikasu Pakati pa Maseva Awiri

Chipinda cha maseva, makompyuta osunga zolemba zonse, pachipatala pathu chimazizira ngati filiji, koma m'mawa umenewo malaya anali atandimatirira kumsana.

Maseva athu akuluakulu ndi awiri, timawatcha mapasa. Pakati pawo pali waya wachikasu wolankhulirana okhaokha, ndipo sekondi iliyonse ina imafunsa inzake ngati ikadali moyo. Pa seva yoyamba tinaikaponso databesi yaing'ono, kaundula wa pakompyuta, ya kunkhokwe ya magazi. Imeneyo imaima payokha, ilibe gawo ndi za mapasawo. Mapepala onse ankatero.

Tsikulo tinkasintha swichi, bokosi lolumikizira mawaya, imene wayayo amadutsamo. Madatabesi ena onse tinali titazimitsa, kupatula ya magazi. Wodzasinthayo anali mlamu wanga, mwamuna wa mkulu wanga, katswiri wa zamawaya. Anali atagwada kuseri kwa kabati ya masevawo, sikuludiraiva ili kukamwa.

"Alamu, ndizule? Mawondo awa si a mnyamata ayi."

"Dikirani kaye."

Ndinali nditatsegula zolemba za databesi ya magazi, mongofuna kukhazika mtima pansi. Pamzere wa tsiku limene inayatsidwa komaliza panali manambala awiri a netiweki. Ndinawazindikira. Anali a waya wachikasu uja. Nanga databesi yoima payokha ikudziwa bwanji njira ya mapasa?

Abwana athu analowa foni ili m'manja.

"Simunayambebe? Tinalonjeza kuti pofika leveni zonse zikhala zitayaka. Kolembetsa odwala mzere wafika panja."

Ndinawalozera mzerewo. Anauwerenga ataimirira.

"Zimangolembedwa izi. Ikuona wayayo chifukwa ili pa seva yomweyo, basi. Achimwene, zulani."

"Musazule!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Mlamu wanga anachotsa sikuludiraiva kukamwa, zala zili pa waya, n'kumatiyang'ana mosinthanasinthana.

"Mwina siimagwiritsadi ntchito waya ameneyu, bwana," ndinatero. "Koma seva imene yakhalapoyo ndi yamapasa. Akasiya kumvana, iliyonse iganiza kuti inzake yafa, ndiye imodzi izizimitsa yokha. Sitikudziwa kuti ndi iti."

"Mukutsimikiza, mayi?"

"Ayi."

"Ndiye mundiimitsire chipatala chonse pa zinthu zomwe simukutsimikiza?"

Ndinangoimba kunkhokwe ya magazi, n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve. Anayankha ndi asisitala a kumeneko, akupumira m'mwamba.

"Kufiyeta kuli mayi wangobereka kumene, akutaya magazi. Tamupatsa mabotolo awiri, tikufufuza ena ogwirizana naye. Chonde musatikhudzire kompyuta panopa."

Anadula osadikira yankho. Mlamu wanga anachotsa dzanja pa waya pang'onopang'ono, n'kukhala pa bokosi lake la zida.

"Ine ndiye sindizula," anatero. "Kunyumba angandigoneke panja."

Palibe anaseka. Tinadikira mphindi makumi anayi. Foni ya abwana inalira kasanu, ndipo ulendo uliwonse ankatulukira pakhonde kukayankha, n'kubwerako nkhope itakwinyika kuposa kale. Ine ndinkangoganiza kuti ngati ndalakwitsa, pakhomo pano andiseka mpaka ndidzapume ntchito.

Kenako asisitala anaimbanso. Magazi apezeka, zotsalazo alemba pa pepala. Ndinazimitsa databesi ya magazi mwadongosolo, n'kugwedezera mlamu wanga mutu. Anazula.

Palibe chinachitika. Masekondi khumi, makumi awiri. Abwana anapinda manja pachifuwa, maso ali pa ine. Atangotsegula pakamwa, timagetsi ta seva yoyamba, ya databesi ya magazi ija, tinathima tonse, mafani ake oziziritsa n'kubangula poyambiranso.

Abwana anayang'ana kabatiyo.

"Zimenezi muzilembe m'buku la malangizo lero lomwe," anatero. "Anthu a pamzere ndikalankhula nawo ndekha."

Tinamaliza itadutsa thwelofu. Za mayi uja ndinamva masana ndikutsika masitepe, kuti watsitsimuka ndipo akufunsa mwana wake.