Chala pa Kasinja wa Roland

Neville sanalire pa maliro a mkulu wake Roland. Sanalire kuchipatala, sanalire kutchalitchi, ndipo anthu atasonkhana ku bala pambuyo pake iye anangodya masangweji n'kumayang'ana mvula pawindo. Sikuti ankadziumitsa mtima ayi. M'katimo munalibe kanthu basi, ndipo chakudya chinkangomveka ngati pepala m'kamwa.

Sabata yotsatira kunabwera mlamu wake Glenys, mkazi wa malemuyo, atanyamula katoni ya nsapato. Mkatimo, pa thonje, munali kasinja wapulasitiki wokwana m'chikhatho, wobiriwira, thupi lonse lili timatuzatuza.

Abale awiriwa anakulira pa masewera a nkhondo za patebulo, za tiasilikali ndi akasinja apulasitiki, muno mu Nottingham momwe bambo waimvi amatha kukangana Loweruka lonse za kamsilikali kotalika ngati chala popanda womudabwa. Ntchito ankagawana. Roland ankapenta, Neville ankakalambitsa. Roland ankayamba ndi penti ya dzimbiri, n'kupopera mankhwala olimbitsa tsitsi oba kwa Glenys, n'kuwaza mchere, kenako n'kukuta zonse ndi penti yobiriwira. Akatero amapatsira mng'ono wake, amene ankakwecha mchere uja kuti dzimbiri lisuzumire, n'kuthira fumbi, mwaye ndi matope mpaka kasinja aoneke ngati wagona m'dambo chaka chathunthu.

"Ine ndimanga, iwe uwononga," ankatero Roland. "Mayi anangokubalira zimenezo."

Koma mkuluyo anali ndi vuto lake: phuma. Penti isanaume, iye wagwira kale. Zaka zonsezi Neville ankapeza chidindo cha chala pena pake n'kuchikwirira ndi matope, osanena kanthu. Mwa akasinja onse amene anadzaza mashelefu awo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene chidindo chinatsalapo.

"Uyu ndiye anali womaliza," anatero Glenys. "Anamupenta mmawa wa tsiku lomwelo limene anatisiya. Anzanu akukalabu akuti Loweruka asewera ndi gulu lake la tiasilikali pomutsanzika. Mumumalize, alamu, asewere nawo, ndikamuike pafupi ndi wailesi ya kanema." Anamutembenuza n'kuloza pambali, pamwamba pa matcheni. "Koma ichi musachichotse. Chonde. Zina zonse chitani mmene mumachitira."

Chinali chala chachikulu cha Roland, mizere yake yonse ili mbee m'penti yobiriwirayo.

"Chabwino," anatero Neville.

"Mukudya koma?"

"Ndikudya."

Lachisanu masana anakalowa m'kashedi ka kuseri kwa nyumba, n'kuyatsa chotenthetsera. Anaviika mswachi wakale m'madzi ofunda n'kuyamba kukwecha. Mchere unkasungunuka, penti n'kumakanganuka, dzimbiri n'kutulukira m'makona ndi pazitseko, pamene asilikali akanapondapo ndi nsapato. Atafika pa chala paja anazungulira mosamala, ngakhale dontho silinagwerepo. Ankayembekeza kuti mwina apa amva kanthu. Sanamve. Anang'amba kasiponji, n'kudontheza timabala takuda m'mbali mwa mfuti, n'kupera choko cha bulauni pa sandipepa.

Akusakaniza matope, pulasitala ndi guluu ndi dothi losefa la m'dimba, chitseko chinatseguka. Anali Barry, mnzawo wakukalabu, munthu woti pakamwa pake sipapuma, atanyamula mabanzi a nyama yankhumba m'pepala.

"Aise, muli moyo muno? Fungo lake ngati saluni ya azimayi! Landira, idya. Waonda ngati burashi yako yomweyo."

Anadzikhazika pa ndowa yovundikira n'kuyamba. Za bondo lake. Za basi imene masiku ano siyima pakona. Za tsiku lija Roland anaponya dayisi mwaukali mpaka inakagwera m'mowa wa mlendo wochokera ku Derby, mlendoyo n'kuumirira kuti iwerengedwe momwemo m'tambulamo. Neville ankangoti "eya," "zoona," dzanja likuyenda lokha. Matope m'matcheni. Matope kunsi kwa mawilo. Kukanda burashi ndi chala kuti timadontho tithovokere m'mwamba. Kutembenuza kasinja, kuyang'ana pamene pali chilema, kuikapo.

"Haa, koma iwe ndi katakwe," anatero Barry akuweramira. "Uve wa mdala uja wauphimba kale! Ndimati ndikuseke kuti wakusiyira siginecha. Mpaka kumanda ukumukonzerabe zolakwa zake." Anayang'ana wotchi, n'kudzambatuka. "Basi yanga! Mawa usachedwe, wamva?"

Chitseko chinatsekeka. Neville anayang'ana pambali pa kasinja. Pamwamba pa matcheni panali chibulumwa cha matope chokongola bwino, chonyowa pakati, chouma m'mbali, monga mmene ankachitira nthawi zonse.

Sanatukwane. Anatenga kathonje, n'kukanyowetsa, n'kupukuta pang'onopang'ono. Akanayenera kudziwa, munthu wa ntchito imeneyi kuyambira unyamata! Pansi pa penti yobiriwira panali mankhwala a tsitsi aja, amene ntchito yake ndi yomweyo, kulekerera penti ikamva madzi. Matope anachoka, penti yobiriwira n'kutsatira, yonse pamodzi ngati khoko la pamwamba pa mkaka. Panatsala kabwalo ka dzimbiri, kosalala.

Mvula inkagunda padenga la kashedi. Anadya banzi la Barry lonse ngakhale linali litazizira, n'kupinda pepala lake bwinobwino. Anaganiza zoimbira Glenys foni, n'kuona nkhope yake mmene inalili poloza paja. Kenako anafufuza m'katoni ina ya penti za Roland n'kupeza kabotolo ka penti yobiriwira yomweyo. Anapaka pa kabwalo kaja mokhuthala, anadikira kuti iyambe kumata, n'kudindapo chala chake chachikulu.

Chinatuluka bwino. Zimenezi n'zimene zinamunyansa, kuti chinatuluka bwino.

Loweruka chipinda cha pamwamba pa bala chinadzaza. Tebulo linali litayalidwa timapiri ndi tinyumba togumuka, gulu la Roland lili m'mizere kumbali ya windo. Neville atatulutsa kasinja, amuna akuluakulu anaunjikana n'kumang'ung'udza ndi kusilira. Wina anati dzimbiri lakelo munthu ungadwale nalo kafumbata.

Barry anamunyamula, n'kumutembenuza, n'kuima. Anayang'ana chidindo chija, anayang'ana dzanja la Neville pamene penti yobiriwira inakanirira m'mbali mwa chikhadabo. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, Barry anatseka pakamwa. Anamuika pansi mosamala n'kupita kukagula mowa.

Glenys anafika masewera ali pakati, atavala chikhoti cha Roland chimene chinkamufika m'mawondo. Za malamulo sankadziwa kanthu ndipo sankafuna kudziwa. Anadikira mpaka kasinja uja ataphulitsidwa m'masewerawo kuseri kwa kanyumba, anthu n'kuwomba m'manja, Neville n'kumuchotsa patebulo n'kumupatsa.

"Mayo ine, mwamuipitsa bwanji!" anatero, akuseka pang'ono. "Akanakondwa."

Anamutembenuza msangamsanga, kufunafuna, mpaka anapeza. Mapewa ake anatsika. Anaika chala chake pa chidindocho, mopepuka, n'kuchisiya pomwepo.

"Mukudziwa, alamu, zovala zake ndachapa, fungo lake latha m'nyumba monse. Koma apa ndiye ali yekha." Anakweza maso. "Zikomo posamukwirira ulendo uno."

Pamenepo m'pamene chinamufika Neville. Chinali chisoni chenicheni chosakanikirana ndi manyazi, cholemera moti anagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka tiasilikali tinagwa. Roland anali atapita, ndipo kanthu kotsiriza kamene anasiya anakafufuta ndi iye mwini, ndi dzanja lake lozolowera. Analira mokweza, kukamwa kuli yasa, pamaso pa amuna onse aja.

Glenys anamukumbatira ndi dzanja limodzi, linalo litafumbata kasinja.

"Lirani, alamu, lirani," anatero. "Ine ndili ndi chala chake. Inu mwatsala ndi chiyani?"