Kugogoda kwa Gudumu la Kumbuyo

Alamu anga a Lorne ndi nkhutukumve. Ndikunena izi ndi chikondi, komanso ndi mkwiyo umene sunandichoke mpaka lero.

Mkazi wawo Glenna, mkulu wanga, anayamba kuiwala. Poyamba anali makiyi, kenako mayina a adzukulu, mapeto ake ine amene tinkafunda bulangete limodzi anayamba kunditchula kuti mayi a kutchalitchi. Ngakhale amuna ake a Lorne, Glenna ankawazindikira lero, mawa ayi. Koma chinthu chimodzi chinakanirira m'mutu mwake: kagalimoto kobiriwira ka ku Mangalande, kopanda denga, kamene a Lorne ankabwera nako kwathu ali pachibwenzi. Akangoona chitseko cha galaja, nkhope yake inkawala. "Lorne abwera nthawi yanji? Ndikufuna tikayende."

Adokotala anali atanena kuti chisanu chikamayamba, Glenna akakhale kunyumba yosamalira odwala ku Peterborough. Ndipo kuno ku Ontario aliyense amadziwa kuti m'misewu mukangoyamba kuthiridwa mchere wosungunula chisanu, galimoto zakalezi sizitulukanso, kuopa dzimbiri. Choncho a Lorne anali ndi chilimwe chimodzi chokha.

Injini inalira bwinobwino. Vuto linali magudumu. Ndi a masipoko ngati a njinga, ndipo amalowa pa habu wa mano n'kumangidwa ndi nati imodzi yaikulu. Mano a kumbuyo anali operepeseka chigulireni, moti galimoto ikamanyamuka, gudumu linkagogoda kamodzi kuti gu.

"Alamu, popani matayala akalewo, mukamuzungulitse patchalitchi mubwereko," ndinawauza. "Basi."

"Ndimukweze mkazi wanga pa gudumu logogoda? Landichititsa manyazi moyo wanga wonse limeneli."

"Manyazi kwa ndani? Ng'ombe za aneba anu a Haggerty?"

"Mlamu, inu za galimoto mumadziwa kukwera kokha."

Anayamba kusakasaka. Loweruka lililonse ine ndinkatsala ndi Glenna, iwo n'kupita kumisika ya zitsulo zakale, kumene madala a imvi amayala dzimbiri pa udzu, khofi ali m'manja, aliyense katswiri. Anapeza magudumu abwino ndithu kwa a Ferris, mkulu wina wa ku Madoc amene khola lake ladzaza mitembo ya galimoto. Koma anzawo a m'kalabu ya eni galimoto zakale atawerenga masipoko anapukusa mitu: galimoto ya chaka chimenecho sinatuluke m'fakitale ndi masipoko ochuluka chotero. A Lorne anakawabweza. Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi ketulo.

Magudumu oyenera anapezeka masamba atayamba kufiira. Kenako mahabu. Wogulitsa wina wa kutsidya kwa malire anatumiza awiri, onse a kumanzere.

"Ikani choncho, alamu. Chitsulo n'chitsulo."

"Wa kumanzere ukamuika kumanja, nati imadzimasula yokha. Mudzangoona gudumu likukupitirirani pamsewu, likukubayibitsani."

Apa ankanena zoona, ndipo zinandinyansa kwambiri. Anaitanitsa habu wina ku Mangalande, tinayamba kudikira. M'masabata amenewo Glenna anasiya kufunsa za ulendo. Ankangokhala pawindo, manja ali pamiyendo. Ndinkamukumbutsa dala, ngati kukoleza moto wa nkhuni zonyowa, ndipo nthawi zina ankamwetulira.

Habu uja anafika mitengo ili mbulanda. A Lorne anamanga zonse tsiku lomwelo, akuimba mluzu. Mahabu ndi magudumu akale anawaponya mu lole ya munthu wotola zitsulo zotha, ati asadzawaonenso.

M'mawa mwake kunkazizira koopsa, mitambo ili bii. Tinamuveka Glenna chikhoti ndi mpango, n'kumukhazika m'galimoto. Anasisita mpando. Injini italira anaseka, kuseka kwake kwenikweni kumene ndinali nditakuiwala, ndipo ine misozi inalengeza. Kenako anagwira chitseko mwamphamvu n'kupendeketsa mutu, ngati munthu amene akudikira kanthu.

Galimoto inanyamuka mwakachetechete, ngati ikuyenda pa mafuta.

Sanafike n'komwe pageti. Ndinamva kukuwa, ndinathamanga.

"Imani! Nditsitseni! Iyi si galimoto ya Lorne!"

"Glenna, ndine. Ndi yomwe ija, wokondedwa. Ndangoikonza."

"Bodza! Ya Lorne imagogoda. Akamachoka kwathu ndimamvetsera ndili kuchipinda, ikati gu ndimadziwa kuti abweranso." Anandigwira dzanja. "Mayi, bambo awa ndi ndani? Akunditengera kuti?"

A Lorne anazimitsa injini. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasungira chilimwe chonse, koma nditaona nkhope yawo ndinawasiya onse. Ndinamutsitsa mkulu wanga n'kulowa naye m'nyumba.

Masana omwewo a Lorne anathamangira kwa wa zitsulo uja. Anapeza katundu yense atapita kale ku ng'anjo zosungunulira zitsulo za ku Hamilton. Anaimbira a Ferris kufunsa ngati ali ndi habu wotha mano. A Ferris anaseka, ati zinyalala zotero ndani angasunge.

Tsiku loti mawa lake tikamutule Glenna ku Peterborough, ndinawapititsira a Lorne khofi kugalaja. Chisanu chinali chitayamba kugwa. Ndinawapeza atagwada pa simenti, gudumu latsopano lili pambali, akupala mano a habu watsopano uja ndi tupa.

"Pang'ono pokha, mlamu," anatero osatembenuka. "Ligogoda."

Kumsewu kunadutsa lole ya boma, nyali yake ikuphethira, ikumwaza mchere. Anaimva, ndikudziwa kuti anaimva. Tupa sinaime.