Chaka Chimene Vern Anayamba Kuiwala Mayina

"Lowetsa Mickey!" Vern anandikuwira m'khutu, atandigwira kolala ya jekete. "Royce, ukundimva? Mickey alowe, athamangire kumanzere!"

Masewero a mpira wa ku America, woponyerana ndi manja, anali atatsala pang'ono kutha, ife tili m'mbuyo ndi mapointi anayi, mpira uli pafupi ndi mzere wa adani athu moti malovu ukanalavula akanafika. Anthu onse m'bwalo anali chiimire, akuguguda matabwa ndi mapazi. Anyamata athu anatembenukira kwa ife, zisoti zawo zili matope okhaokha, kudikira kuti tiwauze chochita.

Mickey Sobol anasewera m'timu yathu ine ndisanamere imvi. Tsiku limenelo n'kuti ali bambo wa ana atatu, akugulitsa matayala ku Toledo.

"Mickey kulibe, Vern," ndinatero motsitsa mawu. "Woponya mpira wathu ndi Dashawn."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Kenako anacheukira ku benchi, maso ake n'kugwera pa Teo Marchetti, amene dokotala anamutulutsa m'chigawo choyamba atagundidwa mutu mpaka kusanza. Teo anali atafunda bulangete, chisoti chili pansi.

"Iwe, dzuka! Vala chisoti, lowa!"

Teo anadzukadi. Akanalowa ndithu, chifukwa m'tauni yathu Kochi Vern Kessler akalamula munthu safunsa. Ndinamukankhira pa benchi ndi dzanja limodzi, linalo ndikukodola Dashawn kuti ayambe basi. Koma tinali titachedwa. Woyimbira analiza wezulo n'kutibweza m'mbuyo, ndipo mpira womaliza Dashawn anauponyera m'manja mwa mdani.

"Vern achoke! Achoke!" Mawuwo anayambira pakona imodzi n'kufalikira bwalo lonse. Chaka chimenecho tinali titapambana kamodzi kokha.

Ine ndi Vern tinakumana pa koleji yomweyi ya Tolland Ridge tili anyamata. Iye ankasewera pamzere wakutsogolo, pamene mitu imawombana mpira ukangoyamba, ine ndinkathamanga m'mbali. Atakhala mphunzitsi wamkulu ananditenga kukhala womuthandiza, ndipo tinatenga chikho katatu. Kenako tonse tinapuma. Amene analowa m'malo mwake anadzapeza ntchito pa yunivesite yaikulu, n'kupita ndi osewera onse odalirika, timu n'kutsala chigoba. Apo ndi pamene akuluakulu a koleji anakagogoda kwa Vern kuti adzayambirenso ndi ana ongochoka kumene ku sekondale. Anamulonjeza zaka zitatu. Iye anandiimbira foni n'kunena kuti, "Royce, kupatula kunenepa ukuchitanso chiyani? Mawa tikumane pabwalo."

Ichi chinali chaka chachiwiri. Ndinali nditaona kale zina. Tsiku lina anawalankhula anyamata pa nthawi yopuma, mawu abwino kwambiri, atamaliza n'kuwayambanso omwewo kuchokera pachiyambi. Tsiku lina ndinamupeza ataima pakati pa magalimoto, makiyi ali m'manja, osadziwa kuti yake ndi iti. Mkazi wake Joetta anangondiuza kuti, "Alamu, muzikhala naye pafupi," ine osafunsa zambiri. Ndinkaopa yankho.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu lesitilanti ya Dot kukamwa khofi. Lonnie Tackett, mwini galaja komanso mmodzi wa akomiti ya timu, anali atakhala pamalo pake ndi anzake, mazira ali m'kamwa.

"Eee, taonani! Wafika wonyamula ndodo ya agogo!" anakuwa. "Royce, Loweruka likubwerali mulowetsa ndani? Ine ndilipo, bondo limodzi likugwirabe ntchito."

Anzake anaseka mpaka kutsokomola.

"Lonnie, idya mazira ako," anatero Dot akundithirira khofi. "Ana aja ena ndevu sanayambe n'kumeta komwe. Ukufuna agwetse zimphona?"

"Ana alibe vuto, mayi. Dashawn uja mkono ali nawo. Koma mdala uja mpira unamupitirira kalekale. Ulemu tinamupatsa, chithunzi chake chili pakhomapo. Azikawedza nsomba."

"Chikho chija munkavina nacho mumsewu anakubweretserani ndani?"

"Chikho chimenecho ndinavina nacho ndili ndi tsitsi, Dot. Taona mutuwu lero."

Khofi ndinamusiya theka. Ndikutuluka, foni inalira. Anali mayi Yolanda Beasley, mkulu woyang'anira zamasewero pa koleji, akundiitana ku ofesi kwawo.

Mayi Beasley sankazungulira. Atatseka chitseko anati, "Bambo Royce, komiti ikukumana Lachinayi. Theka likufuna Vern achoke, theka likuti tidikire. Onse agwirizana kuti amve kwa inu, chifukwa ndinu amene mumaima naye m'mbali mwa bwalo. Funso ndi limodzi. Vuto ndi ana, kapena ndi mphunzitsi? Mukati ndi ana, ine ndimupatsa chaka chake chachitatu, anditukwane amene akufuna."



"Ndipo ngati pali china chimene ndikuyenera kudziwa," anapitiriza mofatsa, "ndiuzeni."

Ndinawapempha kuti andidikire mpaka Lachinayi lomwelo.

Vern ndinamupeza masana pabwalo, atakhala yekha pa benchi ya osewera, akudya sangweji imene Joetta anamukulungira. Kunkazizira. Ndisanakhale n'komwe anandifunsa kuti, "Teo ali bwanji?"

"Akupezako bwino. Dokotala wati apume."

Anagwedeza mutu. Tsiku limenelo maso ake anali owala, a Vern yemwe ndinkamudziwa.

"Ndaonera kanema wa masewero aja," anatero. "Ndikudziona ndikumudzutsa mwana uja. Ndikukuona iwe ukumukankha. Koma m'mutu muno mulibemo, Royce. Zili ngati ndikuonera munthu wina wovala jekete langa." Anakulunga sangweji yotsalayo mosamala. "Tinapita kwa madokotala ku Columbus ndi Joetta sukulu zisanatsegulidwe. Akuti ndi mitu ija tinkawombanitsa ija. Akuti sizibwerera m'mbuyo."

"Bwanji osandiuza?"

"Ukanalira. Iwe umalira ndi nyimbo ya fuko yomwe."

Ndinayesa kuseka.

"Yolanda wakuitana, eti?" anafunsa. "Ukawauze kuti ndalephera."

"Sunalephere, Vern. Ana awa unawatola wekha, khomo ndi khomo. Chaka chamawa aziopedwa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake akufunika munthu wokumbuka mayina awo. Ukati vuto ndi ana, andisiya pano, ndipo tsiku lina iwe udzakhala utayang'ana kwina, ine n'kupha mwana wa eni."

"Ndiye tiwauze zoona. Akadziwa kuti ukudwala akupangira phwando. Bwaloli alitcha dzina lako. Lonnie yemwe uja alira."

"Eya, alira." Analavulira pansi. "Kenako amayi a kutchalitchi azibwera ndi mbale za chakudya, kumandilankhula mokweza ngati ndagontha. Abambo aziti akandiona mu sitolo, n'kumanamizira kuwerenga zitini. Ayi, m'bale wanga. Wolephera amamutukwana, koma pomutukwanapo amamuyang'ana m'maso. Ndisiyire zimenezo. Zatsala zochepa zoti ndisankhe ndekha."

"Nanga makolo a ana awa? Sakuyenera kudziwa zimene mpirawu wakuchita?"

Apa anayang'ana udzu.

"Adzadziwa," anatero. "Ndinawauza madokotala kuti ndikadzapita adzatsegule mutuwu, aone, auze aliyense. Koma ndikadali moyo, ndi wanga."

Anadzuka, n'kundimenya paphewa ngati mmene ankachitira tikapambana. "Ukalankhule mokweza, usakanjenjemere. Apo ayi Lonnie akaona kuti ukunama."

Lachinayi tinakhala m'chipinda cha misonkhano, tebulo lalitali, madonasi pakati osakhudzidwa. Nthawi yanga itakwana ndinaimirira. Ndinati ana ndi abwino, akufunika nthawi basi. Ndinati mphunzitsi ndiye watha. Mpira wa masiku ano ndi wothamanga, iye akuganiza mochedwa, ndipo Loweruka lija tinagonja chifukwa cha iye. Liwu lililonse linali loona, koma ndinkamva ngati ndikumeza magalasi.

Mayi Beasley anandiyang'anitsitsa. "Palibenso china, bambo Royce?"

"Palibe, mayi."

Sanachotse maso msanga. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anadziwa. Kenako anapempha kuti ofuna Vern achoke akweze manja, ndipo manja anakwera, ena mofulumira, ena mochita kukoka.

Potuluka Lonnie anandisisita pamsana. "Wayankhula ngati mwamuna, Royce. Ndimayesa ufera limodzi ndi agogo ako."

Akomiti anandipempha kuti ntchito ya Vern ndiitenge ine, ndinakana. Komabe tauni inali itaweruza kale. Ena ankati Vern anali wokanika amene anakakamira mpando, ena ankati ine ndine njoka imene inaluma mnzake wa zaka makumi anayi. Dot anapitiriza kundithirira khofi, koma anasiya kundifunsa za ana anga. Vern anaima pamaso pa atolankhani atavala taye, n'kunena kuti komiti yachita bwino, ndipo sanaphonye dzina la wosewera ngakhale mmodzi powathokoza. Joetta anandiuza kuti mayinawo anawaloweza sabata yonse, akuzungulira m'khitchini.

Koleji inabweretsa mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Kentucky. Chaka chotsatira ana a Vern anakula, monga ndinanenera. Dashawn anasiya kuponyera adani, Teo anachira n'kumagwetsa anthu ngati matumba. Anayamba kupambana, Loweruka ndi Loweruka, ndipo kwa Dot nkhani inali imodzi: "Mwaonatu? Vuto anali mdala uja."

Tsiku la masewero otsiriza, olimbirana chikho, sindinapite kubwalo. Ndinapita kwa Vern. Nyumba yawo ili kuseri kwa kaphiri, pafupi moti ng'oma za bandi zimamveka. Joetta anandilandira pakhonde atavala juzi la mwamuna wake. Anali ataonda.

"Ali kuseri, alamu. Wayamba m'mamawa. Musadandaule akapanda kukudziwani, lero si tsiku labwino."

Ndinazungulira nyumba. Mitengo inali itayoyola masamba, ndipo Vern anali ndi chokokolera m'manja. Koma sankawaunjika mulu. Ankawakokera m'mizere yowongoka, kuchokera ku mpanda uku kukafika ku mpanda uko, mzere ndi mzere motalikirana mofanana, akumayeza ndi mapazi ake. Kapinga yense anali atasanduka bwalo la mpira.

"Moni, bambo," anandipatsa moni mwaulemu. "Samalani, musaponde mzerewo."

Ndinaudumpha. Nthawi yomweyo kuseri kwa kaphiri kunaphulika phokoso, anthu zikwi kukuwa pamodzi, malipenga, mabelu a tchalitchi, mahutala a magalimoto. Joetta, amene anali atanditsatira, anagwira pakamwa. Ana a Vern anali atatenga chikho.

Vern anadzutsa mutu n'kutchera khutu.

"Kuli ukwati uko?" anandifunsa.

"Eya," ndinayankha. "Ukwati waukulu."

"Zabwino zimenezo. Asangalale."

Anatsamiritsa chokokolera chija pa mpanda, n'kupita m'mbali mwa mizere yake. Anawerama, manja pa mawondo, chipewa atachikokera kumaso. Phokoso likupitirira kuseriko, iye anayang'anitsitsa kapinga wopanda munthu uja, mutu wake ukuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanja kupita kumanzere, milomo ikugwedera, akutsatira winawake amene ankathamanga ndi mpira.