Nsomba Yaimuna ya Mazira

Lensa anang'amba nsomba ija n'kuika mpeni pansi. Inali yaimuna, koma m'mimba mwake munali timazira.

"Bambo Fikre, tabwerani mudzaone."

Fikre, mnzake wa mu labotale, anasuzumira n'kuseka. "Ameneyu akakafika kwawo akamuuza chiyani mkazi wake?"

Lensa sanaseke. Nsombazo anakaziika yekha m'kakhola ka waya pamene ngalande ya fakitale ya nsalu imathira mumtsinje wa Mojo, kuti aone zimene madziwo amachita m'thupi la chamoyo. Yisiti amene amayezera madzi anali atanena kale zomwezo. Akakumana ndi mankhwala onamizira mahomoni achikazi amafiira, ndipo m'mawa umenewo anafiira psuu.

Kumunsi kwa ngalandeyo kunali dimba la anyezi la mchimwene wa Lensa, Tolera. Mwana wamkazi wa Tolera, Bontu, anali asanayambe n'komwe sukulu, koma mawere anali atayamba kumera.

Masana Lensa anakwera basi kupita kwa Tolera. Njira yonse ankakonza mawu, osawapeza. Anapeza Tolera akuthirira, madzi akuda akumulekeza m'mawondo.

"Adokotala a nsomba afika," anatero Tolera. "Watitengera khofi kapena nkhani?"

Lensa anafotokoza zonse.

"Ndiye ukuti madziwa ndi amene amuchita zimenezi Bontu?"

"Sindikudziwa, achimwene. Nsomba si munthu. Koma ndikuopa."

"Nanga anyeziyu ndizithirira ndi chiyani? Malovu?"

Mkazi wa Tolera, Ayantu, amene ankamanga anyezi chapafupi, anapukuta manja pachitenje.

"Alamu, mwanayu amasamba momwemu. Chitsime chikauma timamwa omwewa. Mutengeni mupite naye."

"Mayi a Bontu, kodi mwana n'kumupereka ngati nkhuku?"

"Ndikumupereka kwa azakhali ake."

Tolera anatuluka m'madzimo, n'kupita kukamuitana yekha mwanayo.

Ku chipatala cha m'tauni adokotala anamutenga Bontu magazi, nati chimene chayambitsa sangachitchule msanga. Lensa anakapereka zotsatira zake kwa akuluakulu oona za chilengedwe, iwo nati atumiza anthu kufakitale mvula isanagwe.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Tolera ankaimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati Bontu akudya bwino, ndipo kumbuyo kwa mawu ake Lensa ankamva injini ikupopera madzi omwe aja m'dimba.