Katondo pa Buluku la a Vinsenti

Mkazi amene amachapira mwamuna wake safuna kazitape. Susan anaziona yekha zimenezi m'mawa wina wozizira wa mwezi wa Julaye, atawerama pamwala wochapira pafupi ndi mjigo, buluku la amuna ake, a Vinsenti, lili m'manja. Madzi a m'beseni anali atafiira.

Kumudzi kwa Susan, cha kwa Kaphuka, dothi lofiira n'lachilendo. Dimba lawo la mbatatesi lili m'dambo, dothi lake lakuda bii, loti ukapondamo umatuluka ngati wavala nsapato. Loweruka a Vinsenti amamangirira thumba panjinga kupita ku Chimbiya kukagulitsa, ndipo m'mphepete mwa msewu waukuluwo munthu amabwerako ndi fumbi lotuwa basi. Koma m'maondo mwa bulukulo munali katondo wolowerera mpaka m'misoko. Sabata yotsatira zinali chimodzimodzi, inayo chimodzimodzinso.

Susan sanafunse. Amuna akewo ndi aja oti ukawafunsa chinthu amayamba akanda kumutu, yankho n'kudzabwera mawa lake litazizira kale. Anadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mtima sunadekhe ayi. Ankaopa kuti ukwati umene unabala ana anayi ukutha iye akuuchapira zovala.

Woyamba kuonetsedwa bulukulo anali Cathy, mng'ono wake, amene sasowa yankho ngakhale pa nkhani imene sakuidziwa. Analitembenuza, kulinunkhiza, kenako n'kugwedeza mutu.

“Achemwali, ili si dothi. Iyi ndi polishi yofiira, ya pansi pa nyumba ya simenti. Alamu akugwada m'nyumba ya munthu.”

“Azigwadiranji bambo wamkulu ngati uja?” anafunsa Susan.

“Kaya akupepesa, kaya akuthandiza kukolopa. Akazi a ku Chimbiya amawaphunzitsa zambiri amuna a eni.”

Susan anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Masana ake anapita kwa a Zikhalo, mlongo wake wamkulu, amenenso ndi nkhoswe ya ukwati wawo. Anawapeza akusoka thumba pakhonde. Iwo sanalikhudze n'komwe bulukulo, anangoliyang'ana chapatali.

“Katondo ameneyo,” anatero. “Amadzola ndi gule. Mwina alamu atopa ndi kwaya, alowa kudambwe mobisa. Apo ayi, akukumba. Ukakumba mozama paliponse umapeza dothi lofiira. Tsono munthu wokumba dzenje popanda maliro, popandanso chimbudzi chatsopano, akukwirira chiyani?”

“Achimwene, mukuti amuna anga akuyenda m'mankhwala?”

“Ine sindinatero. Ndikungoti mkamwini ndi mkamwini, ali ndi kwawo. Iwe uziyang'anira dimba lako.”

Polankhula mawu omalizawo a Zikhalo anayang'ana singano yawo, osati nkhope ya mlongo wawo. Susan anaona zimenezo, koma nzeru zake zinali pa mkazi wa nyumba ya simenti. Kufiira kunali kumodzi komweko, koma aliyense anaonamo chake: wina chibwenzi, wina gule kapena ufiti. Susan anasankha chibwenzi, poti ndicho ankachidziwa kalimbanidwe kake.

Loweruka litafika anawasiya a Vinsenti anyamuke, iye n'kutsatira pa kabaza. Ku Chimbiya anayenda mzere wonse wa ogulitsa, pakati pa milu ya mbatatesi, kabichi ndi anyezi, ma minibasi akuimba mahutala. A Vinsenti kunalibe. Mayi wina wogulitsa, amene amawadziwa, anati masiku ano bamboyo sakhalanso pamsewu, amangopikulitsa thumba lonse m'mamawa n'kupalasa kulowera njira ya ku Lobi.

Ku Lobi ndiye kwawo kwa a Vinsenti. Susan anali asanapondekonso chiikireni maliro a apongozi ake. Anakwera njinga yamoto mtima ukuwira, akukonza mawu oti akamulankhule mkaziyo. Ndiye kuti abale awo awapezera wa kumudzi, wakuti aziwaphikira pafupi. Mapanga awiri avumbwitsa, lero aona. Njinga itayamba kukwera zitunda, msewu unasanduka wofiira, ndipo fumbi lake linamukhala pachitenje.

Anatsikira patali n'kuzungulira kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo wa a Vinsenti. Kumeneko, pafupi ndi khola la mbuzi, kunali nkhuti yatsopano ndi njerwa zoyanikidwa m'mizere. Amuna ake anali atagwada m'matope, akudzaza chikombole. Pambali pawo panaima kanyumba, khoma litafika pa mawindo.

Susan sanayambe ndi moni. Analowa m'kanyumbako kukafuna zizindikiro za mkazi. Panalibe chingwe choyanikapo zovala, panalibe mtondo, ngakhale mafuwa. Chinali chipinda chimodzi, chaching'ono, choti mphasa imodzi n'kudzaza.

Atatuluka anapeza a Vinsenti ataimirira, manja ali lende, matope akudontha.

“Mwafika, mayi a Lonjezo,” anatero.

“Ndafika. Nyumbayi mwini wake ndani?”

“Ndine.”

“Inu ndi ndani?”

“Ndekha.”

“Musandipusitse, bambo a Lonjezo. Ndabwera kuti ndimuone. Ali kuti?”

A Vinsenti anakanda kumutu monga mwa nthawi zonse, n'kudzipaka matope m'tsitsi. Koma ulendo uno yankho silinadikire mawa. Anakhala pa mulu wa njerwa n'kuyamba kufotokoza, mawu ali pansi.

“Mukukumbuka dzinja lija munagonekedwa kuchipatala ku Dedza, anthu atataya mtima. Tsiku lina ndinabwerera kumudzi kudzatenga ufa ndi bulangete. Ndinapeza alamu a Zikhalo ali m'dimba ndi abale anu ena, akuloza malire, uyu apa, uyu apo. Atandiona sanachite manyazi. Anati, ‘Alamu, zikachitika musadzachedwe. Maliro akadzatha mudzatenge njinga yanu ndi zovala. Malata ndi a ana.’ Inu muli moyo, mukupuma.”

Susan anafuna kunena kuti ndi bodza, koma anakumbukira maso a achimwene ake ali pa singano.

“Dimba lija ndinalipeza lili bango lokhalokha,” anapitiriza a Vinsenti. “Ndalimamo chibadwire Lonjezo, lero Lonjezo ali ndi ndevu. Sindikudandaula, mwambo ndinaupeza, bambo anganso anachoka choncho pamudzi pano. Koma nditabwera kuno kudzafunsa kuti zikadzatero ndidzafikira pati, achemwali anga anandionetsa khitchini, mogona anaankhuku. Ndinaona kuti munthu waimvi ngati ine ndilibe khomo langalanga pa dziko lonse lapansi.”

Susan anamva manyazi, mkwiyo n'kubwera pambuyo pake, ndipo sanadziwe woti amukwiyire. Akanapeza mkazi zikanamupepukira. Mkazi umamukoka tsitsi, ankhoswe n'kukhala pansi, nkhani n'kutha. Koma apa panali njerwa zokha, zoumbidwa bwino, ndi mwamuna amene anali asanamunamizepo china chilichonse kupatula ulendo wa Loweruka.

“Bwanji simunandiuze?” anafunsa.

“Ndikanayamba bwanji? Kuti mayi, ndikukonzekera imfa yanu?”

“Si zimene mukuchitazi? Chipinda chimodzi. Ine ndiye munandiika kale m'manda.”

A Vinsenti anapukutira manja pabuluku. Mbuzi ina inalira m'khola, ndipo kutsogolo kwa nyumba kunamveka mlongo wawo akutsuka mbale, mwadala osabwera.

“Tiyeni kunyumba,” anatero Susan. “Ndikawaitana achimwene pamaso pa anthu. Akanene okha ngati dimba lija analimapo ngakhale mzere umodzi.”

“Akapepesa, ndikudziwa. Amakuopani. Koma tsiku limenelo inu simudzakhalapo kuti akuopeni.”

“Ndiye kuti mwasamuka?”

“Ayi. Madzulo ndibwera ngati kale. Lolemba tikathirira mbatatesi.”

“Ndipo Loweruka mudzabweranso kuno.”

“Ndidzabwera. Denga likhalepo mvula isanafike.”

Susan anawayang'ana nthawi yaitali, bambo wowonda, wa maondo amatope, amene anagona pansi pa bedi lake kuchipatala mpaka tsiku lotuluka. Misozi inabwera yokha, ndipo sanaipukute.

“Komatu ndinachira ine, bambo a Lonjezo.”

“Munachira, ndipo ndimathokoza Mulungu,” anatero a Vinsenti. “Ine ndi amene sindinachire.”

Anagwadanso n'kukokera chikombole pafupi.