Darubini Yokalamba ya Eluby

Chaka chimene khofi wa ku Misuku anabereka mpaka kuthyola nthambi, 1986, mwana wanga wamkazi Eluby anali atakhala pakhomo zaka zitatu. Fomu 2 anakhoza bwino, koma ntchito kunalibe. Tikapita kumunda, ine manja ali pa khofi, iye maso ali m'mitengo kulondola mbalame. Ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku.

Ndiye kunabwera a Makwinja, bwana wa nkhalango ya Mughese, munthu wa ku Zomba amene ankati "yewo", zikomo wa kwathu kuno, ngakhale kwa munthu amene wawaponda phazi. Anati akufuna munthu mmodzi woyenda m'nkhalango m'mawa, kumaona mbalame n'kumalemba m'buku. Ntchito ya pamwezi, ya jombo ndi jasi lamvula. Koma magalasi oonera patali anali amodzi okha pa ofesi, omwe ankayenda nawo iwowo. Wofuna ntchito abwere ndi ake Lolemba adzayesedwe. Ofuna anali awiri: Eluby, ndi Gilbert, bambo wa ana awiri amene kwawo kuli khola la mbuzi lodzaza.

Loweruka ndinamanga kadi ya chipani pamfundo ya chitenje, poti popanda iyo pamsika sulowa, n'kumutenga Eluby kupita kwa Laston. Laston ankaoloka Songwe, mtsinje wa m'malire, ndi shuga n'kubwerako ndi mawotchi, matochi ndi kaunjika. Magalasiwo iye ankawatcha darubini, ndipo ankawabisa pansi pa malaya, chifukwa kufupi ndi malire munthu woyang'ana mapiri ndi galasi amafunsidwa mafunso ambiri.

"Karibu, mama Nakayange," anatero. "Lero mwabwera kudzagula kapena kudzanyoza katundu wanga ngati masiku onse?"

"Zonse ziwiri. Tulutsa."

Anatulutsa ziwiri. Ina yaikulu ngati mabotolo awiri omanga pamodzi, yonyezimira, maso ake ofiira ngati a munthu wakumowa. Ina yaing'ono, utoto utasupuka m'makona, chingwe chake cha nsapato.

"Yaikuluyi imakokera chinthu pafupi ka makumi awiri," anatero Laston. "Inayi kasanu ndi katatu basi. Ndi nkhalamba, ndinangoitenga chifukwa cha chisoni. Tayang'ana phiri lija, chemwali."

Eluby anaika yaikuluyo m'maso, dzuwa lili pamutu, n'kuyamba kuseka. "Amama, ndikuona mayi akuanika zovala kutsidya. Ndi iyi, amama."

"Bweretsa mbuzi imodzi, yatheka," anatero Laston.

Ine pali chinthu chimodzi chimene sindichita. Sindiyesa katundu pamalo pamene wasankha wogulitsa. Nsalu amakuonetsa mumthunzi kuti usaone pong'ambika, ndiye iwe pita nayo padzuwa. Uyu anatiimika padzuwa. Ndinanyamula darubini zonse ziwiri n'kuyamba kuyenda.

"Mama, mukupita nazo kuti?"

"Kodi mbalame za ku Mughese zimakhala pamsika? Titsate ngati ukuzifuna."

Kuseri kwa msika kuli chigwa cha nthochi ndi mitengo ikuluikulu, mumdima ngati m'nyumba yopanda zenera. Laston anabwera pambuyo akudandaula, katundu wake atasiyira mayi wogulitsa mandasi.

"Tayang'ana mkoko wa nthochi uwo," ndinamuuza Eluby. "Yamba ndi yaikulu yakoyo."

Anafunafuna nthawi yaitali. Chinthucho chimaona kadera kakang'ono, ndiye kuti upeze chimene ukufuna uyambe wasesa chigwa chonse. Ataupeza anati, "Ukuvina."

"Mkoko suvina. Ndi manja ako."

"Ndiponso ilipo iwiri, wina pamwamba pa unzake. Kwada, amama."

Ndinamulanda n'kuyesa ndekha. Zoona, mkoko umodzi unasanduka iwiri, ndipo nditachotsa m'maso mutu unali utayamba kale kuwawa. Ndinatenga nkhalamba ija. Mkoko umodzi, woima chilili, nthochi iliyonse ikuoneka payokha, mpaka nyerere zoyenda patsinde.

Kenaka ndinaziyesa ngati mazira. Dzira umaliyang'anitsa kowala kuti uone zam'kati. Ndinatambasula dzanja, n'kulozetsa darubini pampata wa masamba pamene pankaoneka thambo. Pa timagalasi toika maso panaoneka kadontho kowala. Pa yaikulu kanali kakang'ono ngati njere ya mapira, komanso ka makona. Pa nkhalamba kanali kozungulira bwino, kakakulu ngati nsawawa.

"Waona, Eluby? Kuwala kumalowera apa. Nyumba ingakule bwanji, zenera likachepa m'kati ndi mdima."

Ndinatembenuza n'kusuzumira ku magalasi aakulu kufuna nkhungu, poti kwathu kuno chinyezi chimachititsa nkhungu ngakhale nsapato. Nkhalamba inali yoyera m'kati, kungoti kachikanda kamodzi, pokandika galasi m'mphepete.

"Mwaona ubwino wake, mama," anayamba Laston, mawu atasintha. "Iyi ndi ya azungu enieni. Nayonso ndi mbuzi."

"Pamsika paja unati unaitenga chifukwa cha chisoni."

"Chisoni chatha."

"Ili ndi chikanda. Chingwe ndi cha nsapato. Ndikupatsa ndowa ya nyemba."

"Ndowa imodzi? Mama, mukufuna ana anga adye chiyani?"

"Nyembazo."

Tinakokana mpaka dzuwa kupendeka. Ndinachoka kawiri, iye n'kundiitana kawiri. Eluby anali atabisa nkhope m'chitenje ndi manyazi. Pomaliza tinagwirizana ndowa ya nyemba ndi nkhuku yanga yathadzi yamawangamawanga, iye n'kuonjezerapo kansalu kofewa kopukutira magalasi. Kansaluko ndinachita kumulanda m'thumba.

Lolemba m'mamawa ndinapita nawo, ngakhale Eluby anati kuntchito sapita ndi amayi ake. Nkhuku inali yanga, ndiye ndinayenera kuona. Pakhomo la nkhalango tinapeza Gilbert, pachifuwa pake pakulendewera darubini ya maso ofiira ija. Laston anali atapeza mbuzi yake.

"Monire, mama," anatero Gilbert. "Kachidole ako mwakatola kuti? Nako mudzaona njovu yokha."

"Tiona, dada."

A Makwinja anatilowetsa m'kati. Mu Mughese ngakhale dzuwa litatuluka kunja, pansi pamakhala ngati kukucha kumene, madzi akudontha m'masamba. Tinayenda pang'ono, iwo n'kukweza dzanja. Analoza mtengo wina wokutidwa ndi ndere.

"Pali mlendo pamenepo. Aliyense andiuze chimene akuona. Yambani a Gilbert."

Gilbert anakweza chinthu chake, n'kuyamba kusesa. Anapita kumanja, anabwerera kumanzere, anatsamira mtengo kuti manja asanjenjemere.

"Ndaziona, bwana. Zilipo ziwiri, zakuda."

"Yewo. Nanga a Eluby?"

Mwana wanga sanachedwe. "Ndi imodzi, bwana. Yatifulatira pang'ono. Msana wobiriwira, pamimba pofiira. Kunsi kwa mchira kuli timizere takuda ndi toyera, tothinana ngati mkeka."

"Timizere mwationa ndithu?"

"Ndikutha kutiwerenga mukafuna."

A Makwinja anaseka mwakachetechete kuti mbalame isathawe. Anati ilipo inzake yofanana nayo ya kuzigwa, koma ilibe timizere, ndipo munthu amene sangasiyanitse ziwirizi angawadetsere buku. Anayesanso kawiri, pa nkhulukulu ndi pa kambalame kena ka pansi. Pofika kachitatu Gilbert anali atakhala pachitsa atagwira mutu.

"Mawa sikisi koloko, a Eluby," anatero a Makwinja. "Mumavala jombo nambala yanji?"

Pobwerera Gilbert anandipempha kuti ayese nkhalamba ija. Anayang'ana, kenaka anati, "Mbuzi yanga ija." Ndinamuuza kuti asalire, darubini yake ili ndi ntchito. Ndipo inaipeza. Ankaima nayo pachitunda masana n'kumauza anthu kuti lole ya ku boma yatulukira, ikadali kutali, aliyense n'kumanga katundu wake mosathamanga.

Eluby anagwira ntchito ku Mughese zaka zambiri ndi darubini yomweyo. Chingwe chokha ndi chimene anasintha. Laston ndikakumana naye amanena kuti ndinamubera. Ine ndimati anandibera ndi iye, chifukwa nkhuku ija inkaikira tsiku lililonse.