Mwendo Wakumanja Udikire

Mng'ono wanga timamutcha Dzira, chifukwa anabadwa ndi khungu losafuna kukhudzidwa. Msoko wa malaya ukangomukhula, pamatuluka thuza, ndipo thuzalo likaphulika limasiya chilonda. Amene amamutsuka ndi kumumanga mabandeji m'mawa uliwonse ndine.

Atamulowetsa mu kafukufuku wa mankhwala opaka, anatipatsa timabotolo tiwiri tofanana ngati mapasa. Ka chivindikiro chobiriwira kanali ka chilonda cha pamwendo wakumanzere, ka chivindikiro choyera ka chilonda chakumanja. Kena kanali ndi mankhwala, kena mafuta chabe. Adokotala anati ngakhale iwowo sakudziwa ka mankhwala ndi kati.

Chinsinsi chawocho sichinakhalitse. Chilonda chakumanzere chinayamba kuuma m'mbali. Chakumanja chinkangochucha madzi, bandeji n'kumamatirira, moti pochotsa Dzira ankaluma pilo. Ndiye ndinachita zimene aliyense wa maso awiri akanachita. Ndinayamba kupaka kobiriwira konsekonse.

Tsiku lokaonedwa kuchipatala, anamwino anajambula zilonda, kenako anaika timabotolo pasikelo. Koyera kanalemera ngati katsopano. Anatuluka n'kubwera ndi adokotala.

"Achemwali, mwatani apa?" anandifunsa adokotalawo.

"Ndapaka mankhwala pachilonda."

"Palibe amene akudziwa kuti mankhwala ndi ati."

"Mwendo ukudziwa."

Anakhala pansi, anavula magalasi, n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Miyendo yonse ikapola mofanana, zithunzi zidzanena kuti mankhwala ndi mafuta n'chimodzimodzi. Odwala matendawa ndi ochepa kwambiri, moti mwendo umodzi wonama ungasokoneze zonse, mankhwalawo osadzatulukanso. Ndikapitiriza, Dzira amuchotsa mu kafukufuku, ndipo kobiriwira tikasiye pompano.

"Ndiye kuti mwendo uwu uwole kuti winawu muukhulupirire?"

"Sindinganene choncho."

"Nenani m'njira yanu, ndikumva."

Anangovalanso magalasi awo. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ndinafunafuna pamene akulakwitsa, ngati mmene ndimafunira chibowo pa funso lililonse lovuta, koma sindinapapeze. Zonse zinali zoona. Kungoti woluma pilo sanali iwowo.

Nthawi yonseyi Dzira anali atakhala pabedi lalitali lopimirapo odwala, mapazi ali lendee.

"Akulu, basi," anatero. "Tibwerera ku koyera."

"Iwe, ukudziwa zimene ukunena?"

"Mwendo ndi wa ndani? Kobiriwira akatenga, yonse iwiri iwola. Bola uwole umodzi."

Ndinafuna kuyankha, koma iye anali atatembenukira kale kwa adokotala.

"Koma lero akulu anga sapaka mafuta amenewo. Ali ndi vuto, amaona. Mupake inuyo. Poti simudziwa chilichonse, dzanja lanu silinjenjemera."

Anamwino anayamba kupukuta sikelo yoyera kale. Adokotala anayang'ana ine ngati ndiwathandiza. Ndinangowapatsa kabotoloko.

Anavala magolovesi, n'kutsegula chivindikiro choyera. Dzira anatambasula mwendo wakumanja n'kuuika pabondo pawo, chilonda chili yasa. Sanatsinzine, sanayang'ane kumbali. Ankangoonerera chala chawo chikuyandikira, mafuta ali kunsonga.

"Pang'onopang'ono, adokotala," anatero. "Mukunjenjemera. Mundisenda."